Banja la Zahner ndi Zaka 127 Zopinda Malata

M'chaka cha 1897, mumzinda wa Kansas City m'chigawo cha Missouri ku America, a Andrew Zahner anatsegula shopu yopinda malata n'kuitcha Eagle Cornice Works. Mashopu otere analipo ambiri m'mizinda ya kumeneko, ndipo zida zake zinali zodziwika: sizasi yaikulu yodulira malata, nyundo zamtengo, makina opindira okoka ndi manja, ndi kachitsulo kootcha pamakala kosungunulira mtovu womatira misoko. Ambiri mwa mashopu amenewo anapita limodzi ndi eni ake. Ya a Zahner inakhala m'manja mwa banja lawo mibadwo inayi, ndipo itafika kwa mwana wa mdzukulu wawo inayamba kuveka malata nyumba zimene anthu amachita kukwerera ndege kukaziona ku Seattle, ku Chicago ndi ku San Francisco.

Munthu akamva zimenezi amafulumira kuganiza kuti banjali linasamala bwino malonda a agogo. Koma malonda a agogowo anafa kalekale. Katundu amene a Andrew ankapanga anasiya kuyenda pamsika ana awo akadali ndi mphamvu. Chimene chinkachoka kwa bambo kupita kwa mwana chinali kulidziwa lata: mmene limapindikira, pamene limakanira, mmene limatalikira likapsa ndi dzuwa, ndi chimene chimalidya. Mbadwo uliwonse unkapeza msika wake utasintha, n'kutenga nzeru yomweyo kukaigulitsa kwa anthu ena.

Mzinda wofuna kuoneka wolemera

Kansas City inakula chifukwa cha njanji. Mu 1869 anatsegula mlatho wa Hannibal wooloka mtsinje wa Missouri, ndipo sitima zochokera kum'mawa zinayamba kudutsa mumzindawu popita kumadzulo. Patangopita zaka ziwiri panatsegulidwa msika waukulu wa ng'ombe. Anthu amene mu 1870 anali pafupifupi 32,000 anali ataposa 160,000 pofika mu 1900. Kumene kukuthamangira anthu chotere, nyumba zimamera ngati bowa, ndipo mwini sitolo aliyense, mwini banki ndi mwini hotela ankafuna kuti yake ioneke yolemekezeka ngati nyumba za ku Ulaya.

Ulemu wa nyumba nthawi imeneyo unali pamwamba. Pamene khoma likuthera ankaikapo mkombero wotulukira kunja, wokhala ndi mizere, maluwa ndi timizati tochirikiza. Amisiri a kumeneko amautcha cornice. Ku Ulaya ankausema pamwala, koma mwala ndi wodula, ndi wolemera, ndipo umafuna khoma lochindikala louchirikiza. Amisiri a malata anapeza njira yachidule. Ankapinda lata lopyapyala kuti litenge maonekedwe a mwala wosema, kulikhomera pamitengo kapena pazitsulo zotuluka m'khoma, n'kulipaka penti, nthawi zina yosakaniza ndi mchenga kuti lichite kukhakhala ngati mwala weniweni. Woyenda mumsewu, poyang'ana nsanjika zitatu kapena zinayi m'mwamba, sankatha kusiyanitsa.

Zimenezi zinatheka chifukwa cha lata loviikidwa mu zinki wosungunuka, njira imene injiniya wa ku France, a Stanislas Sorel, anailembetsa mu 1837. Chitsulo chopanda chokuta chimachita dzimbiri msanga chikanyowa. Chikakutidwa ndi zinki, mvula imayamba kudya chokutacho, ndipo ngakhale pamalo pamene pakandika, zinki wapafupi ndiye amayamba kudyeka chitsulo chisanakhudzidwe. Malata amene afolera nyumba zambiri kwathu kuno ndi a mtundu womwewu.

Mpikisano unalipo, ndipo unali woopsa. Abale a banja la Mesker, ku St. Louis ndi ku Evansville, ankapanga nkhope yathunthu ya sitolo ndi malata, kuiika m'kabuku ka mitengo, n'kumaitumiza pasitima kwa aliyense woitanitsa. Shopu yaing'ono sikanapikisana nawo pamtengo. Mphamvu yake inali pa zimene kabuku sikangachite: kupita pamalo, kuyeza khoma lomwe lamangidwa mokhota pang'ono, kupanga chinthu cholowa pamenepo ndendende, ndi kubwerako chaka chamawa denga likayamba kudontha. Choncho ntchito ya mashopu ngati Eagle Cornice Works inali mikombero ija, madenga, ngalande za madzi a padenga, mafelemu a mawindo a padenga, ndi kukonza zowonongeka.

Zimene mmisiri wa malata amadziwa

Apa tiime pang'ono, chifukwa popanda kumvetsa luso lenilenilo nkhani yonse ya banjali singamveke.

Lata limabwera lafulati, pamene chinthu chimene mmisiri akufuna kupanga n'chozungulira, chamakona kapena chokhota. Ntchito yovuta kwambiri imachitika sizasi isanagwire lata: kujambula pamalo afulati chithunzi chimene, chikadulidwa n'kupindidwa, chidzakhale chinthu chofunikacho. Mmisiri wopanga ndowa pamsika wa Ndirande amadziwa kuti akadula lata lamakona anayi apeza chitini chowongoka. Kuti ndowa ikule kukamwa n'kuchepa kunsi, amayenera kudula chidutswa chokhota m'mwamba ndi m'munsi momwe, ndipo akaphonya pang'ono msoko sukumana. Masamu ake ndi omwewo amene mmisiri wa ku Kansas City ankalimbana nawo pamene mikombero iwiri yodzaza mizere ikukumana pakona ya nyumba, mzere uliwonse n'kuyenera kugwirana ndi unzake.

Kenaka pali khalidwe la chitsulocho. Lata likapindidwa, kunja kwa mpindo kumatambasuka ndipo m'kati mumafinyika, motero muyeso wa chinthu chopindidwa sufanana ndi wa lata lafulati. Woiwala kuwerengera zimenezi amapeza mbali zonse zatalika kapena zafupika. Ukalipinda n'kulisiya, limabwerera m'mbuyo pang'ono, ndiye mmisiri amalipinda mopitiriza dala, ndipo kapitirizidwe kake kamasiyana pakati pa mkuwa wofewa ndi chitsulo cholimba. Lata lalikulu lopyapyala likakhomedwa mothinitsa limachita mafunde, omwe dzuwa likawomba cham'mbali amaonekera patali.

Kutentha nako kuli ndi zake. Lata lachitsulo lotalika mamita 10 limatalika ndi mamilimita pafupifupi 6 kutentha kukakwera ndi madigiri 50. Lamkuwa limatalika ndi mamilimita oposa 8, ndipo la aluminiyamu limayandikira 12. Ku Kansas City madzi amaundana m'nyengo yozizira, pamene m'chilimwe kumatentha kuposa madigiri 35, ndipo lata lili padzuwa limatentha koposa pamenepo. Wolikhomera misomali mbali zonse adzapeza mabowo atakula kapena misoko itang'ambika. N'chifukwa chake amisiri odziwa amalumikiza malata a padenga popinda milomo yake pamodzi, n'kuwagwira ndi timapini tobisika tomwe timalola lata kuti liziyenda. Amadziwanso kuti zitsulo zina sizikhalirana: madzi otsika padenga lamkuwa akamagwera m'ngalande yokutidwa ndi zinki, ngalandeyo imabooka nthawi yake isanakwane.

Zina mwa izi zili m'mabuku. Zambiri munthu amazidziwa ataononga malata angapo pamaso pa mmisiri wamkulu. Mwana wokulira m'shopu ya bambo ake amazitola msanga, mwina asanadziwe n'komwe kuti akuphunzira.

Msika utafa

Mu 1913 kampaniyi inasintha dzina n'kukhala A. Zahner Sheet Metal Company. Dzina latsopanoli silinatchulenso mikombero, linangotchula banja ndi malata, ndipo zaka zotsatira zinasonyeza kuti kusinthaku kunali kwanzeru. Chaka chomwecho, mumzinda wa Sheffield ku England, a Harry Brearley anasungunula chitsulo chosakaniza ndi chromium chimene sichinkachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi ndicho chinadzatchukitsa banja la Zahner patapita zaka 80.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, kamangidwe kanayamba kusintha. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba anayamba kukonda makoma osalala, opanda maluwa, ndipo mkombero wamalata wonamizira mwala unasanduka chinthu chochititsa manyazi. Mu 1929 chuma cha America chinagwa, ntchito zomanga zinaima. Pamene zinkadzayambanso mwamphamvu itatha nkhondo yachiwiri, panalibenso wofuna zokongoletsa za masiku a Andrew.

Mashopu a malata anapulumukira kwina. Makina oziziritsa mpweya m'nyumba, omwe a Willis Carrier anawayambitsa mu 1902, anafala m'maofesi, m'masitolo ndi m'zipatala, ndipo mpweyawo umayenda m'mipope yamalata. Mafakitale ankafuna makoma ndi madenga achitsulo. Makhitchini akuluakulu ankafuna matebulo osachita dzimbiri. Kampani ya Zahner inagwira ntchito zamitundumitundu m'zaka zimenezi, kuyambira matebulo a m'khitchini mpaka malata a pamakoma a nyumba, ili m'manja mwa mwana wa a Andrew, a Leo, kenaka mdzukulu wawo, yemwenso anali Leo.

Mibadwo iwiri imeneyi satchulidwa kawirikawiri nkhaniyi ikamakambidwa, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kulakwa. Palibe amene amapita kukajambula chithunzi tebulo la m'khitchini ya chipatala. Komabe kusunga shopu yotsegula m'zaka za njala ya ntchito, kulipira amisiri, kugula makina atsopano akale akatha, ndi kusiyira mwana kampani yoyenda, ndi ntchito yolemera kuposa kuyambitsa. Popanda a Leo awiriwa, mbadwo wachinayi ukanapeza dzina lokha.

Njira ina inalipo, ndipo ena anaitsata. M'tauni ya Nevada, m'chigawo chomwecho cha Missouri, kampani ya W. F. Norman, yomwe inayamba mu 1898, mpaka lero imadinda malata okongoletsa siling'i pogwiritsa ntchito zikombole zake zakale, n'kumagulitsa kwa okonzanso nyumba zamakedzana. Imeneyo inasunga katundu wake n'kudikira kuti anthu adzamukumbukire. A Zahner anasiya katunduyo n'kutsatira chitsulo kumene chikupita.

Kukumana ndi a Frank Gehry

Mwana wa mdzukulu wa a Andrew uja, a L. William Zahner III, omwe ambiri amawatcha Bill, anaphunzira uinjiniya wa zomangamanga pa University of Kansas asanalowe m'kampani ya makolo awo, ndipo anakhala mkulu wake mu 1989. Anali ndi zinthu ziwiri zimene sizipezeka kawirikawiri mwa munthu mmodzi: ankadziwa za pabenchi ya mmisiri, komanso ankatha kukambirana masamu ndi mainjiniya ndi akatswiri a mapulani.

Mwayi wawo unabwera chaka chimodzi asanatenge udindowo. Bungwe la amisiri a malata ku America, Sheet Metal Workers' International Association, lomwe linayamba mu 1888 ku Toledo m'chigawo cha Ohio, linkakumbukira zaka 100. Linakonza chionetsero m'nyumba ya National Building Museum ku Washington, n'kupempha katswiri wa mapulani a nyumba, a Frank Gehry, kuti ajambule chimangidwe chachikulu chamalata choonetsa luso la ntchitoyi. A Gehry anali atadziwika kale kuti amakonda zipangizo zimene anzawo ankazinyoza. Mu 1978 anazinga nyumba yawo ku Santa Monica ndi malata wamba ndi waya wa mpanda, anansi ena n'kukwiya. Kampani ya Zahner inali m'gulu la opanga chimangidwe cha ku Washington chija, ndipo ubale wa a Bill ndi a Gehry unayambira pamenepo.

Ntchito yaikulu yoyamba inali Weisman Art Museum ya University of Minnesota ku Minneapolis, yomwe inatsegulidwa mu 1993. Mbali yake yoyang'ana mtsinje wa Mississippi ndi mulu wa zokhota ndi zosongoka, zonse zokutidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi chinali chitagwiritsidwapo kale ntchito panyumba zotchuka, monga pansonga ya Chrysler Building ku New York mu 1930, koma n'chouma mutu pochipinda, ndipo sichibisa cholakwa: paliponse pamene nyundo yaphonya pamawala.

Vuto la mapulani a mtundu wa a Gehry linali la ndalama. Kontilakitala akaona pulani imene sakuimvetsa amachita chimodzi mwa ziwiri: amakana, kapena amatchula mtengo wokwera kwambiri kuti adziteteze. Nyumba zambiri zokongola zathera papepala chifukwa cha mantha amenewa. Shopu yotha kuyang'ana chokhotacho, n'kuchigawa m'zidutswa zotheka kupinda, n'kutchula mtengo umene idzaukwanitsedi, imasanduka yosowa. Kukula kwa Zahner kunachokera pamenepa. Inali kampani yovomera ntchito zimene ena akuzithawa, ndipo inkavomera chifukwa inkadziwa malire a lata.

Malirewo ndi osavuta kuwaona. Tengani pepala: mutha kulikulunga n'kukhala mpope, kapena chosongoka kumodzi, osalikwinya. Yesani kukulunga nalo mpira, likwinyika. Lata nalo limalola kupindikira mbali imodzi panthawi imodzi. Ndiye khoma looneka ngati likuyenda mbali zonse liyenera kugawidwa m'tizidutswa tomwe kalikonse kakupindikira mbali imodzi yokha, ndipo kadutswa kalikonse kamakhala ndi muyeso wakewake.

Kompyuta ilowa m'shopu

Kujambula tizidutswa masauzande ambiri ndi manja kukanatenga zaka. Ofesi ya a Gehry inabwereka pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa CATIA, imene kampani ya Dassault ku France inaipanga kuti izijambulira ndege, ndipo ndi yomweyo imene Boeing inajambulira ndege yake ya 777. Kompyuta inkasunga nyumba yonse, malo alionse ndi muyeso wake. Chotsala chinali shopu yotha kulandira manambala amenewo n'kuwatumiza ku makina odulira popanda kudutsa papepala.

Mayeso ake anali nyumba ya Experience Music Project ku Seattle, yomwe a Paul Allen, mmodzi mwa oyambitsa Microsoft, analipira, ndipo inatsegulidwa mu 2000. Lero imatchedwa Museum of Pop Culture. Khungu lake lili ndi timalata pafupifupi 21,000 ta chitsulo chosachita dzimbiri ndi aluminiyamu wopaka utoto, tolumikizidwa m'mapanelo oposa 3,000. Pofuna kukwanitsa ntchitoyi, a Zahner anakonza njira yawo imene anaitcha ZEPPS. M'malo mokapinda malata pamwamba pa nyumba, mphepo ikuwomba, ankadula nthiti za aluminiyamu ndi makina olamulidwa ndi kompyuta, kuzilumikiza m'shopu monga amachitira opanga thupi la ndege, kuziveka malata, n'kutumiza panelo lathunthu kumalo omangira kuti akangolikweza ndi kulimanga ndi mabawuti. Kuchokera ku Kansas City kufika ku Seattle ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000 pamsewu. Panelo lolakwika silingabwezedwe madzulo kuti likonzedwe m'mawa, choncho kulondola konse kunayenera kuthera m'shopu.

Nyumbayo sinakondweretse aliyense, ndipo olemba nkhani ena anainyoza poyera kuti ndi yonyansa. Mkangano umenewo ndi wa mapulani. Kwa anthu a ntchito yomanga, chimene chinaoneka n'chakuti mapanelo osafanana masauzande atatu anapangidwa kutali n'kudzalowa m'malo mwake. Kuyambira pamenepo, shopu ya ku Kansas City sinalinso kontilakitala wa m'dera. Mu 2004 inamaliza malata opotana a Jay Pritzker Pavilion ku Millennium Park mumzinda wa Chicago, ntchito inanso ya a Gehry.

Mkuwa wa ku San Francisco

Ntchito imene ine ndimaiona kuti ikuonetsa bwino koposa zimene banjali linasonkhanitsa m'zaka 100 ndi myuziyamu ya de Young ku San Francisco. Nyumba yakale inaonongeka ndi chivomezi cha Loma Prieta mu 1989, ndipo yatsopano, yojambulidwa ndi akatswiri a ku Switzerland, Herzog & de Meuron, inatsegulidwa mu 2005 m'paki ya Golden Gate.

Akatswiriwa ankafuna khoma looneka ngati kuwala kwa dzuwa kodutsa m'masamba a mitengo. Anatenga zithunzi za mitengo zojambulidwa kuchokera pansi, kompyuta n'kuzisandutsa timadontho, malo owala ndi malo amthunzi. Kadontho kalikonse kanayenera kukhala bowo, kadzenje kapena kachitunda palata lamkuwa, kukula kwake ndi kuzama kwake kukusiyana malinga ndi chithunzicho. Mapanelo ake ndi oposa 7,000, mkuwa wake ndi matani oposa 400, ndipo chithunzicho chimapitirira kuchoka papanelo lina kupita pa linzake osaduka. Izi zikutanthauza kuti panelo lililonse lili ndi malo amodzi okha pakhoma lonselo.

Ganizirani zimene zimachitika lata likaboledwa ndi kudindidwa kambirimbiri. Dindo lililonse limakoka chitsulo chozungulira, ndipo mbali imodzi ikadindidwa kwambiri kuposa inzake, lata lonse limapotoka. Mabowo akachuluka, mphamvu yolimbana ndi mphepo imachepa. Kompyuta imatha kunena pamene bowo likhale, koma kuti lata lituluke m'makina likadali lowongoka pamafunika munthu amene anaonapo malata ambiri akupotoka.

Chinanso n'chakuti mkuwa sukhala mtundu umodzi. Umayamba wofiirira mowala, kenaka umada, ndipo patapita zaka zambiri umabiriwira. Mpweya wamchere wochokera kunyanja ya Pacific, yomwe ili pafupi, umathandiza kusinthaku. Ojambula pulani anasankha mkuwa dala kuti nyumbayo idzafanane ndi mitengo ya m'pakimo. Apa lata silikunamiziranso mwala monga linkachitira m'masiku a mikombero, likuoneka mmene lilili ndipo likuloledwa kukalamba poyera.

Ntchito zina zinatsatira: nyumba ya 41 Cooper Square ku New York mu 2009, Kauffman Center for the Performing Arts mumzinda wa kwawo wa Kansas City mu 2011, ndi malamba achitsulo ozinga Petersen Automotive Museum ku Los Angeles mu 2015. Kampaniyi inakhalanso ndi fakitale yachiwiri ku Grand Prairie m'chigawo cha Texas.

Pali chinthu chimodzi chimene a Bill Zahner anachita chomwe amisiri ambiri sangachilote. Analemba zimene ankadziwa. Mu 1995 anatulutsa buku lotchedwa Architectural Metals, lofotokoza kasankhidwe ka zitsulo za panyumba ndi mmene chilichonse chimakhalira pamvula ndi padzuwa, ndipo ena anatsatira pambuyo pake. Mwambo wa amisiri kulikonse ndi kubisa luso kuti mnzako asakulande makasitomala. Iwo anaona kuti chowalepheretsa kupeza ntchito sichinali shopu ina, chinali umbuli wa ojambula mapulani omwe ankaopa kusankha chitsulo chimene sakuchidziwa. Katswiri akaphunzira za mkuwa m'buku la a Zahner, tsiku lofuna khoma lamkuwa ankadziwa woyenera kumufunsa.

Banja linathandiza chiyani

Kodi zonsezi zinatheka chifukwa kampaniyo inali ya banja? Mbali ina inde. Ntchito ngati ya ku Seattle imafuna kugula makina ndi mapulogalamu odula, kuphunzitsa anthu, ndi kuononga zitsulo poyeserera, phindu lake lisanaoneke. Mwini wake amene dzina lake lili pachipata, ndipo akuganiza za zaka 20 zikubwerazo, amatha kuvomera kutaya pantchito imodzi kuti aphunzirepo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere n'kosavuta kwa munthu amene sayenera kufotokozera alendo chifukwa chake phindu la chaka chino lachepa. Dzina nalo limamanga. Denga likadontha patapita zaka 15, eni nyumba amadziwa khomo lokagogoda, ndipo wolitsegula ndi mwana wa amene analikhoma.

Koma tisapitirize kutamanda magazi. Mabizinesi ambiri a mabanja amafera pa mbadwo wachiwiri kapena wachitatu, chifukwa cha kulimbirana chuma, kapena chifukwa mwana wopatsidwa mpando alibe nazo chidwi. Banja la Zahner linapeza munthu woyenera panthawi imene kompyuta ndi mapulani achilendo zinkafika, ndipo munthuyo anali atapita kusukulu kukatenga nzeru imene shopu yokha sikanamupatsa. Komanso dzina ndi la banja, koma manja amene anapinda timalata 21,000 ta ku Seattle ndi a amisiri ambiri osakhala a banjalo. Ku America mmisiri wa malata wodzera m'bungwe lawo amaphunzira zaka zinayi kapena zisanu, akugwira ntchito n'kumalowanso m'kalasi, asanayesedwe mmisiri wokwanira. Kampani ya banja imene ilibe anthu otere, kapena imene siwasunga, imangotsala ndi mbiri.

Ntchito yamtunduwu ilinso ndi minga yake. Kampani imagula mkuwa kapena chitsulo lero ndi ndalama zake, malipiro n'kudzabwera patapita miyezi, ndipo eni nyumba amasunga gawo lina mpaka ntchito yonse itavomerezedwa. Mitengo ya zitsulo imasintha kontilakiti itasainidwa kale. Mu 2018 boma la America linaika msonkho wa 25 peresenti pachitsulo chochokera kunja ndi 10 peresenti pa aluminiyamu. Ntchito zikuluzikulu zimabwera mwa apo ndi apo, pamene amisiri ndi makina zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Kampani ikamakula, ndalama zofunika kuti iziyenda zimafika poposa zimene banja limodzi lingaike pachiswe.

Mu Disembala 2024, patatha zaka 127, A. Zahner Company inagulidwa ndi Armstrong World Industries, kampani yaikulu yopanga siling'i ndi zokutira makoma ya ku Lancaster m'chigawo cha Pennsylvania. Armstrong nayo inayamba yaing'ono, mu 1860 ku Pittsburgh, ngati shopu yodula zotsekera mabotolo, koma lero eni ake ndi anthu ogula masheya pamsika wa ku New York. Kwa Zahner, kugulidwaku kukubweretsa mpamba ndi makasitomala amene banja palokha silikanawafikira. Chimene chasintha ndi munthu wopereka chilolezo. Katswiri wina akadzabwera ndi pulani imene mashopu onse aikana, yofuna miyezi yoyeserera ndi matani a chitsulo chotayika, woivomera kapena kuikana adzakhala bwana amene miyezi itatu iliyonse amayenera kuonetsa eni masheya mmene phindu layendera.